Ndalama ya mu Nsapato ya Corinne

Lancaster, Pennsylvania
9 Meyi 1988

Okondedwa achemwali a Darlene,

Pepani kuti ndachedwa kuyankha kalata yanu. Munapempha kuti nditumize ndalama yasiliva ija, ya theka la dola, kuti mwana wanu Corinne akaiike mu nsapato pa tsiku la ukwati wake, monga munachitira inu ndi malemu amayi. Munatinso ndiyambe ndaikwecha chifukwa yada. Mankhwala okwechera ndinagula, koma mukundidziwa, sinditsegula botolo ndisanafunse. Choncho ndinapita nayo kwa a Ziegler, aja amagulitsa ndalama zakale pafupi ndi msika.

Nditangotchula zokwecha, anagwira pamtima. "Bambo inu, mukufuna mundiphe ndisanadye nkhomaliro? Kuda kumeneku n'kumene anthu amalimbirana. Mukaikwecha ndiye kuti mwaisenda khungu."

Kenaka anandipatsa galasi lokuzira zinthu. Achemwali, ndalamayi takula nayo koma sitinaionepo! Chimene timati kuda chija ndi mitundu: m'mphepete mobiriwira ngati khosi la nkhunda, chapakati pofiirira. Mayi wojambulidwapo uja tsitsi lake n'lomanga ndi kansalu kumbuyo, ndipo mizere yonse ya tsitsilo munthu anachita kugoba pachitsulo ndi dzanja. Nyenyezi zija sizinatalikirane mofanana, mwina wozikhomayo dzanja linkamunjenjemera ngati langali. Pansi pa chaka cha 1806 pali kamzere kotukuka. A Ziegler akuti chidindo chachitsulo chodindira ndalamayi chinali chitayamba kung'aluka, koma amisiri anapitiriza kupukusa makina ndi manja. Kuseri kuli chiwombankhanga, mitambo pamwamba pake. Mtengo wake sanaulembe kumaso kapena kuseri, koma m'mbali mwenimweni, ndi tizilembo tozungulira.

"Okonda ndalama zakale angamenyanirane imeneyi," anatero a Ziegler. "Koma tsaya la mayiyu lasalala modabwitsa. Inkakhala kuti?"

Nditawauza za nsapato, anavula magalasi. "Mukuti akwatibwi amaiponda? Ndipo amavina?"

"Achemwali anga anavina mpaka nsapato inathyoka chidendene."

"Ambuye chitireni chifundo! Itsekereni m'kabokosi, munthu asadzaipondenso. Mwamva?"

Ndinavomera, kabokosi n'kugula. Masiku onsewa ndakhala ndikusakasaka mawu okukanizirani, tulo osabwera. Koma dzulo ndinayang'ananso tsaya lija pagalasi. Pamene a Ziegler akuti n'chilema pamenepo ndi pomwe panaponda amayi. Panapondanso agogo athu a Hulda, ndi ena amene mayina awo sitiwadziwa, ndi inu. Zovala za amayi tinagawa, nyumba tinagulitsa, koma phazi lawo lidakali pamenepa, pamodzi ndi dzanja la mmisiri uja.

Choncho kukwecha sindiikwecha, ndipo chonde musandikakamize. Papositi sindiitumizanso, ingatayike. Ndibwera nayo ndekha ku Oregon m'thumba la malaya, ngakhale mukudziwa mmene ndimaopera ndege. Kabokosi kaja nditenga, ndalamayo izigonamo mpaka m'mawa wa ukwati.

Mundiperekere moni kwa alamu a Vernon. Corinne mumuuze kuti aiike nkhope ya mayi wa pandalamayo itayang'ana kumwamba, monga anaikira amayi, ndipo avine ndi mtima wonse. Ine amalume ake ndizidzayang'ana kumbali, koma iye asadzasiye kuvina.

Ndine mlongo wanu,
Leland