Wotchi Yomvera ku Jeremani

Lolemba, 7 Epulo 2025

Mvula chiyambire m'mawa. Kapini ka lamba wa wotchi ya amuna anga kathyoka, ndiye popita ku ntchito ku Gigiri, kuno ku Nairobi, aisiya pa tebulo. "Mayi a Tupo, mundikonzereko, inu ndinu a manja." Ndakonza ndi kapulayala ka makina anga osokera. Mphindi zisanu basi.

Wotchi imeneyi a Reinford anaigula ku Geneva mu Novembala, ndipo chibwerere nayo sitipuma m'nyumba muno. Mlendo aliyense ayenera kumva nkhani yake. Akuti ku Jeremani kuli mlongoti wa wailesi woulutsa nthawi, wotchiyi imaumvera usiku uliwonse n'kudzikonza yokha. Abusa akatalikitsa ulaliki, iwo n'kumayang'ana pa mkono ngati nthawi ya dziko lonse anawasungitsa iwo.

Poyesa mabatani kuti mwina ndawononga kanthu, ndadina la m'munsi. Patuluka GET, kenako 11-14. Ndafufuza kabuku ka malangizo ake pa foni. Akuti limenelo ndi tsiku lomaliza limene wotchi inalandira nthawi kuchokera ku mlongoti uja. Pa 14 Novembala.

Apa ndiye mutu waima. Mwezi wathawu, kuyambira pa 17 mpaka 26 Malichi, bambowa anali ku Geneva komweko ku msonkhano wa ku ntchito. Wotchi ili pa mkono. Masiku khumi. Nanga bwanji sinamve kanthu?

Lachiwiri, 8 Epulo

Ndawauza kuti wotchi sindinathane nayo. Si bodza.

Sukulu ndinalekezera Folomu 2, koma makina osokera ndinadziphunzitsa ndekha, Chiswahili cha pa msika ndekha, ndiye kabuku aka sikangandigonjetse. Ndawerenga kuyambira Tupo atapita ku sukulu mpaka masana, diresi ya kasitomala wanga a Kate ili pomwepo yopanda manja.

Zimene ndatolapo. Mlongoti uja ulipodi, pafupi ndi Frankfurt, ndipo ndi wolumikizidwa ku wotchi ina yaikulu yosaphonya. Sekondi iliyonse umatsitsa mphamvu ya mafunde ake, pena pang'ono, pena motalikirapo. Kutsitsa kumeneko ndiye malembo ake. Pakatha mphindi imodzi wanena zonse: ola, mphindi, tsiku, chaka. Kenako uyambiranso. M'kati mwa wotchi ya pa mkono muli kandodo kakang'ono kokulungidwa ndi waya, ndiko khutu lake. Imamvera yokha usiku chifukwa ndi pamene mafunde amafika patali. Ikapanda kumva, imangoyenda ngati wotchi wamba.

Tsono mafundewo amathera pa makilomita 1,500 kapena kuposerako pang'ono. Nairobi ili pa 6,000 ndi kanthu. Ndiye kuti kuno wotchiyi sinamvepo ngakhale tsiku limodzi! Ndaiyerekeza ndi foni, yatsogola masekondi 38. Miyezi isanu akutisokosa nayo chinthu chogontha.

Ndaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. M'kabukumo ajambula mapu ndi mzere wozungulira mmene mafunde amafika. Geneva ili m'kati. M'kati mwenimweni.

Lachitatu, 9 Epulo

Ndafunsa za pasipoti, ngati ndikungocheza. Akuti ili ku ofesi, aitengera za viza. Ayankha maso ali mu tiyi.

Chokoleti chimene anatibweretsera "kuchokera ku Geneva" ndachiona lero mu supamaketi ya kuno ku Ruaka, shelefu yachitatu. Chomwecho, pepala lomwelo. Komatu zinthu za kunja zimagulitsidwa paliponse. Sindikudziwa. Mwina ndikupenga.

Lachinayi, 10 Epulo

Ndakwera matatu, minibasi ya kuno, mpaka m'tauni kukafuna munthu wodziwa mawotchi. Ndampeza fundi, mmisiri wina wachikulire, m'kakhonde kopapatiza kuseri kwa msewu wa Tom Mboya, kagalasi kali pa diso. Wangoitembenuza kamodzi n'kunena, "Mama, hii saa hapa Kenya ni kiziwi." Yogontha. Ndati zimenezo ndazidziwa kale, funso langa ndi lakuti ikapita ku Ulaya ingalephere kumva?

Akuti ingalephere. Nyumba ya konkire yochindikala, zitsulo, kuigoneka pafupi ndi foni kapena kompyuta, kugona nayo pa mkono n'kumatembenuka. Imafuna kuikidwa pa windo, phee, kwa mphindi zingapo.

Ndati masiku khumi onse?

Wachotsa kagalasi kaja, wandiyang'ana bwinobwino. "Mama, mimi ni fundi wa saa, si fundi wa ndoa." Akuti iye amakonza mawotchi, osati maukwati. Ndamuuza kuti palibe wamufunsa za ukwati. Ndatuluka osatsanzika. Chondikwiyitsa n'chakuti sananame.

Ndiye ingalephere. Koma a R. ndimawadziwa. Munthu wonyadira chinthu chake chonchija akanafika ku Geneva, usiku woyamba womwewo akanaiika pa windo ngati mwana wakhanda, m'mawa n'kunditumizira chithunzi. Sanatumize chithunzi chilichonse ulendo umenewu. Ndayang'ana mu foni. Amangoimba, mawu okha, kamera osayatsa. Amati netiweki ya mu hotela.

Lachisanu, 11 Epulo

Ndaimbira alamu anga a Margaret, achemwali awo a bambowa, ku Lilongwe. Iwo ndi achimwene awowa sabisirana kanthu. Ine zozungulira sinditha, ndiye titangopatsana moni ndafunsa: "Alamu, achimwene anu mu Malichi anali kuti?"

Ndinkamva wailesi yawo ikulira kumbuyo.

Kenako: "Iii alamu, bwanji kodi?"

"Ndafunsa funso."

"Zimenezo afunseni eni ake. Ine musandiikemo, chonde."

Sananene kuti Geneva. Mawu amodzi okha, osavuta, sanawatchule.

Zaka khumi ndi zinayi tili m'banja. Ndinasiya shopu yanga ku Mchesi, makasitomala anga, mayi anga, kutsata munthu kudziko la eni. Ngati kuli mkazi wina, ali kuti? Kuno? Kumudzi? Ndipo abale ake onse akudziwa, ine ndekha ndiye chitsiru chosoka makatani? Ndasoka dzanja la diresi ya a Kate chagada. Ndasula. Ndasokanso chagada.

Loweruka, 12 Epulo

Ndaphulika.

Tupo anapita kwa mnzake ku Runda, tinatsala awiri. Iwo akuwerenga nkhani pa foni, ine ndaika wotchi pa tebulo, ndadina batani, ndawalozera. "Werengani."

"11-14. Ndiye chiyani?"

"Ndilo tsiku lomaliza limene chinthu chanuchi chinamva Jeremani wanuyo. Mu Malichi munali kuti?"

Nkhope inasintha. Ndinaiona ndi maso angawa.

Zimene ndinanena pambuyo pake sindilemba zonse. Ndinafunsa dzina la mkaziyo. Ndinati ngati ndi wa ku ofesi ndikafika pa geti Lolemba, alonda andigwire ngati akufuna. Ndinati ine ndi Tupo tikwera ndege, iwo atsale ndi wotchi yawo yogonthayo iziwaphikira. Aneba a pamwamba anazimitsa wailesi kuti amve bwino.

Iwo anangoti, "Mayi a Tupo, palibe mkazi." Ndinati nanga pali chiyani? Anatenga ambulera n'kutuluka. Abwera madzulo nsapato zili matope okhaokha. Wotchi sanaikhudze.

Lamulungu, 13 Epulo

Lamulungu la kanjedza. Takhala benchi imodzi, kumwetulira Amalawi anzathu. A Maurice afunsa, "Achimwene, lero wotchi ya ku Jeremani ili kuti, titaya nthawitu?" Onse kuseka. Ifenso kuseka.

Lolemba, 14 Epulo

Mayo ine.

Ndinabwerera m'kabuku kaja kuti ndipeze tsamba loti ndiwaonetse, asadzanene kuti ndapeka. Pansi pa mapu pali timalemba ting'onoting'ono timene ndinadumpha. Akuti wotchi imamvera pokhapokha mzinda umene mwaiuza kuti ndi kwanu uli umodzi mwa mizinda yoyandikana ndi mlongoti. Mukaiika pa mzinda wina, imatseka khutu. Siyesa n'komwe, ngakhale mutakaima nayo patsinde pa mlongotiwo.

Ndadina kuona mzinda umene ilipo. JED.

Ndipo ndakumbuka. Atabwera nayo mu Novembala inali pa nthawi ya ku Ulaya, mmene anaikonzera a mu shopu, yotsalira maola awiri. A R. mabatani amawaopa, ngakhale rimoti ya TV amaitana Tupo. Anandipatsa ine. Nairobi pa mndandanda panalibe, ndiye ndinasankha Jeddah poti nthawi yake ndi imodzi ndi ya kuno. Ine. Ndi chala changa ichi.

Ndiye kuti akanapita ku Geneva, akanagona pa windo penipeni masiku khumi, ikanalembabe 11-14. Umboni wanga wonse uja ndi mphepo. Ndatukwana mwamuna wanga, aneba akumva, chifukwa cha khutu limene ndinatseka ndekha.

Koma nanga a Margaret aja? Mwina anangodabwa ndi kafunsidwe kanga, ine ndikafunsa anthu amati ndimakhala ngati wapolisi. Nanga nkhope ija? Mwina munthu aliyense nkhope imasintha akamunamizira. Nanga bwanji sanakalipe? Munthu wosalakwa sakalipa?

Sindikudziwanso chimene ndikudziwa. Chimodzi chokha: ndinalakwitsa kuwerenga, ndipo ndiyenera kunena. Ndimauza anthu zoona pamaso, ndiye nanenso ndidziuze. Mawa ndipepesa. Mawu ake ndayeserera kubafa.

Lachiwiri, 15 Epulo

Abwera 1 koloko masana, chinthu chimene sachita. Ndinali pa makina. Ndinazimitsa, ndinapukuta manja, ndinati, "Bambo a Tupo, khalani pansi, ndili ndi mawu."

Iwo: "Ayi, yambani mwamva anga. Ndikadikira ndilephera."

Anakhala pa mpando wa makasitomala, chikwama chili pa maondo ngati mlendo.

Ku Geneva sanapite. Kunalibe msonkhano. Mu Febuluwale anawaitana ku ofesi, iwo ndi anzawo ena, n'kuwauza kuti thandizo la pulojekiti yawo laima, ntchito ithera pa 30 Juni. Chilolezo chathu chokhalira m'dziko muno chithera pomwepo. Masiku khumi aja anatenga tchuthi n'kupita ku Lilongwe kukafuna ntchito, amagona kwa a Margaret. Anayesedwa malo atatu. Awiri anakana. Achitatu ayankha lero m'mawa, nawonso akana.

"Ndimafuna ndikuuzeni ndili ndi ina m'manja," anatero. "Munasiya zanu zonse chifukwa cha ine. Ndikanayamba bwanji?"

Ndinati mukanayamba ndi pakamwa, ngati mmene mwachitiramu. Ndinati miyezi iwiri ndakhala ndikulandira maoda a madiresi a ukwati wa mu Ogasiti, mukundiyang'ana. Ndinati ndalira sabata yathunthu chifukwa cha mkazi amene kulibe, pamene ndikanalira chifukwa cha chinthu chenicheni. Mawu anakwera ndithu. Koma mkwiyo wake unali wachilendo. Kulibe mkazi. Kulibenso ntchito. Sindinadziwe choyamba kuchigwira.

Anapukuta m'maso ndi tayi. Kenako analoza wotchi pa tebulo paja. "Loweruka lija ndinadziwa kuti basi, ndagwidwa. Kachinthu kameneka. Sindinkadziwa kuti kamasunga zonse."

Apa ndikanatha kukhala chete. Ndinaganizadi, kwa kanthawi.

"Wotchi yanuyo sinanene kanthu," ndinatero. "Ndinaitseka khutu ndine mu Novembala, osadziwa. Mukanapita ku Geneva ikanalemba zomwezo. Ndazindikira dzulo. Mawu amene ndimati ndikuuzeni aja, ndimafuna kupepesa."

Anayang'ana wotchi ija, kenako ine.

"Ndiye ndikanangokhala chete mphindi ziwiri..."

"Mukanapepesedwa. Ndi tiyi womwe."

Anayamba kuseka, kuseka kosatuluka mawu, mapewa okha kugwedezeka, mpaka sindinadziwe ngati kukadali kuseka. Ndinawalanda chikwama chija pa maondo n'kuchiika pansi. Ndinati kupepesa kwanga kulipobe, pa za mkazi zija ndi za geti, koma kwawo kukhale kaye, sindinakonzeke kukulandira. Anagwedeza mutu kuvomera.

Basi ya sukulu inaliza hutala pa geti. Tonse tinayang'ana ku windo. Tupo anali kutsika, juzi ili m'manja m'malo movala, mvula ikumunyowetsa.

"Timuuza liti?" ndinafunsa.

"Nenani ndinu."

"Lero. Koma muyambe ndinu kulankhula."

Anaimirira, anakonza tayi, n'kupita kukamutsegulira chitseko.