Wondilonjera ndi mmodzi yekha, koma akufuna maina a amayi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 29, ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi yozungulira Nselema. Mchimwene wanga Hamadi popita ku Joni anandisiyira laputopu, ndiye ndinayamba kudziphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Ndikufuna kupanga kapulogalamu kotumiza uthenga pafoni kukumbutsa amayi tsiku la sikelo, chifukwa nthawi yokolola ambiri amaiwala.

Kuno palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa zimenezi. Ndikayamba kufotokozera anzanga akuntchito amangoti, "Iwe ndi zamakompyuta zakozo," n'kusintha nkhani. Amuna anga sandiletsa, koma ndikamawaonetsa amangovomera maso ali kwina.

Kapulogalamuko katayamba kukana, ndinalowa pa tsamba lina la pa intaneti pomwe akatswiri amathandizana. Ndinalemba monga tinaleredwera. Ndinalonjera akuluakulu, ndinadzitchula, ndinapepesa kuti ndikuphunzira kumene, kenako funso. Pasanathe ola, wina anafufuta moni wanga yense ndi zikomo yemwe, n'kusiya mizere itatu. Winanso analemba kuti, "Funsoli linayankhidwa kale mu 2014," n'kulitseka. Ndinayesanso kawiri, zomwezo. Aphungu, ndinalira. Bola kunyozedwa ndi munthu womuona nkhope.

Ndiye sabata yatha wina wa pa tsambalo anandilembera kumbali. Anayamba ndi salaamu, ananditchula chemwali, anafunsanso za ana. Akuti ndi Abdulaziz, kwawo ku Liwonde koma ali kunja. Tacheza masiku asanu, ndipo koyamba ndamva kuti ndili ndi mnzanga pa zimenezi. Tsopano akuti kuti andikonzere, ndimutumizire fayilo yonse momwe muli maina a amayi oposa 200, midzi yawo ndi manambala a foni. Mmenemo ndinalembamonso amene ali pa mankhwala, ena mwa iwo ngakhale amuna awo sakudziwa. Mtima ukukana, koma ndikuopa kuti ndikamukaniza asiya kundiyankha, ndibwerere kukhala ndekhandekha. Nditani?

F.H., Nselema.

Zikomo a F.H.,

Fayiloyo musatumize. Ndayambira pamenepa kuti musachite kufufuza yankho m'munsi.

Wokonza pulogalamu safuna maina enieni, monga telala safunsa zinsinsi za m'nyumba mwanu kuti akusokereni diresi. Pangani fayilo ina ya maina asanu opeka ndi manambala abodza, mumupatse imeneyo. Ngati ndi wothandizadi, akonza osawiringula. Akayamba zoti "Kodi simukundikhulupirira, chemwali?" basi mwamudziwa.

Aja anafufuta moni wanu ndi ouma pakamwa, sindikuwaikira kumbuyo. Koma sanali kulimbana ndi inuyo ayi. Kumeneko moni amafufutira aliyense, ndi mapulofesa omwe. Pukutani misozi mutsegule yankho la 2014 lija, mwina zomwe mukusowa zili momwemo. Mukamafunsanso, lembani zomwe mwayesa ndi mawu omwe kompyuta ikuonetsa ikakana, basi.

Komabe ine ndikuona kuti chikukupwetekani kwambiri si pulogalamu. Mukusowa munthu wocheza naye za chinthu chomwe mumakonda, ndipo zimenezo masamba aja sangakupatseni. Loweruka lina kwerani minibasi mupite ku Liwonde kapena ku Balaka, mukafunse aphunzitsi a kompyuta kapena pamalo ojambulitsa mapepala. Ena mwa iwo ali m'magulu a pa WhatsApp a Amalawi ophunzira zomwezi, ndipo mnzanu woti mungamwe naye tiyi angapezeke mmenemo. Muwauzenso akuluakulu anu akuntchito za fayiloyo. Maina a odwala kukhala mu laputopu ya kunyumba ndi nkhani kale payokha.

Ndikuchenjezeni, mwanawe. Abdulaziz akakhala chete zikuwawani, mwina sabata ziwiri, ndipo sindikupeputsa. Koma mayi amene chinsinsi chake chingatuluke m'fayilomo banja lake litha, ndipo iye sali kunja. Muzidzakumana naye pamsika wa Nselema, akudziwa kuti anauza inu nokha.