Zizindikiro Ziwiri pa Gudumu la Mota

Amayi,

Pepani kuti ndikukusokonezani kumene mukupumako. Kodi muli bwanji kumeneko? Ndinadziuza kuti sindidzakuvutitsaninso ndi mafunso anga, poti munatopa nawo muli moyo. Koma pali kanthu kamodzi komwe munapita nako, ndipo kuno palibe wina akukadziwa.

Ndiyambe ndi za pakhomo, monga munkakondera. Mdzukulu wanu Tereza ali ndi mwana wamkazi ku Chiuta, ndipo amutcha dzina lanu. Sindinakamuonebe. Chimanga tapeza chochepa chifukwa mvula inadula msanga, koma nandolo wabereka. Denga likudontha pakona pomwe munkaika mtondo. Mkazi wanga Delifina anapita kwawo ku Amaramba maliro anu atangotha, akuti akaone amayi ake, ndipo sanabwerebe. Sindimunena. Ndimaphika ndekha, koma nthawi zina ndimazindikira ndatulutsa mbale ziwiri.

Nkhani yeniyeni ndi njinga yamoto ija, mota ya abambo. Chichokereni inu sinalirepo. Loweruka likubwerali tikumanga chiliza chanu, ndipo tikatha abale agawana katundu. Mlongo wanu, amalume a Bonifasiyo, anabwera sabata yatha, nkuizungulira kawiri, nkunena kuti, "Juliyo, chitsulo ichi chikapanda kulira pamaso pa anthu Loweruka, ndiitana ogula zitsulo a ku Cuamba adzachiphwanye. Taona, nkhuku zayamba kuikira pansi pake."

Ndinati, "Amalume, imeneyi ndi imene inatibweretsa kuchokera ku Malawi nkhondo itatha."

Iwo anati, "Inenso ndinabwera, pa miyendo yangayi. Mawondo akulira tsiku ndi tsiku, koma sindinaone wina akuwapukuta fumbi."

Anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa amalume akanena amachitadi.

Zonse zomwe ndimadziwa ndachita, Amayi. Thanki ndatsuka, gazolina ndathira watsopano. Mapulatinado, tizitsulo tiwiri tija timene timatsekuka kuti moto uthetheke, ndatipala ndi kasandipepa mpaka tawala. Mpata wake ndayeza katatu ndi kachikatoni ka bokosi la machesi, monga ankachitira abambo. Moto ukubwera wabwino, wobiriwira. Chatsala ndi nthawi yake basi, kuti uzifika pamene injini ikuufuna.

Mukukumbukira mmene tinkachitira abambo atamwalira? Inu munkakhala pa kampando kumanzere kwa mota, pamene pali gudumu la maginito. Ine ndinkagwada kumanja, pamene pali mapulatinado, nditapanikiza kapepala kopyapyala ka m'paketi ya ndudu pakati pake. Munkazunguza gudumulo pang'onopang'ono, mbali yomwe injini imayendera, ndipo chizindikiro cha pa gudumulo chikafika pa kamuvi ka pa injini munkati, "Pano!" Pepala likamasuka nthawi yomweyo, ntchito yatha. Likafulumira kapena kuchedwa, ndinkamasula tinati tiwiri, nkusuntha kambale ka mapulatinado pang'ono, nkuyambiranso. Ndikayamba kupupuluma munkati, "Usalikoke pepalalo, Juli, limvere." Tsiku lina munati, "Iwe ndi mota iyi ndinu amodzi, mumayaka nthawi isanakwane."

Zaka zonsezo, Amayi, sindinazungulirepo kudzaona kumbali kwanu. Ndinkadziwa pepala, inu munkadziwa gudumu, ndipo ndinkaona ngati zidzakhala choncho mpaka kalekale.

Lolemba ndinatsegula chivindikiro cha kumanzere, nkupukuta. Zizindikiro zilipo ziwiri. Zonse ndi zolemba ndi msomali, china chachitali, china chachifupi, zotalikirana ngati njere imodzi ya chimanga. Kenako ndinakumbukira kuti gudumuli si la motayi. Lake linasweka tili ku msasa wa othawa nkhondo, abambo nkupeza la mota ina, limene malembo ake sankagwirizana ndi injini yathu. Analemba chizindikiro chawochawo, chinalakwika, nkulembanso china. Cholakwikacho sanachifafanize. Anachisiyiranji? Mwina poti inu munalipo.

Ndayesa ndekha. Ndimazunguza gudumu, nkuthamangira mbali inayo kukagwira pepala. Koma ndikangochotsa dzanja, maginito amalikoka gudumulo, limalumpha. Ndinayesa kulipanikiza ndi kamtengo. Ndinaimika galasi lanu loyang'anira nkhope pa njerwa kuti ndizionera, koma mkono wanga sufika mbali zonse ziwiri. Ndinapempha a Mussa, aneba athu ogulitsa nsomba aja. Anabwera ndi mtima wabwino, koma anazunguza ngati akupera mtedza, ulendo wina chobwerera m'mbuyo. Nditawauza kachinayi anati, "Achimwene, nsomba zanga zikuola. Gulani njinga yakapalasa, siifuna pepala." Anapita, ndipo ndinachita manyazi kuwaitananso.

Komabe ndinatchera mongoyerekeza. Pa chachifupi, chomwe chimafika mochedwa, mota inaphulika kawiri kumpope kwa utsi nkuzima. Pa chachitali inabweza kiki, chitsulo chopondera poiliza chija, mwamphamvu, nkundimenya pa kakolo. Mwendo watupa, ndikuyenda ndi ndodo yanu. Mwendo si kanthu, upola. Chomwe chandiopsa ndi choti nditayang'ana pa tsinde la kiki ndapeza mng'alu, waung'ono ngati tsitsi. Ikabwezanso kamodzi, chitsulocho chithyoka, ndipo cha mtundu umenewu simungachipeze ku Insaca, ngakhale ku Cuamba. Tsono sindikudziwa ngati cholakwa ndi chizindikiro kapena ndi manja angawa.

Mwina mukuti, "Bwanji osangoileka ipite?" Ndaganizapo. Nsalu zanu atenga achemwali. Mapoto atenga azakhali. Ine sindikufuna china. Pa mota imeneyi munakhala kumbuyo kwa abambo tikuwoloka malire, mutanyamula mphika pamwendo, ine ndikuthamanga pambali ndi mbuzi. Pa mota yomweyi ndinakutengerani ku chipatala ulendo womaliza, mutandigwira m'chiuno, mukundiuza kuti ndichepetse liwiro pamene ndinali kuyenda ngati ngolo. Ikalira, ndikufuna ndipite ku Chiuta ndikaone mwana wa dzina lanu. Mwina ndingapitirire mpaka ku Amaramba, ndikafunse Delifina maganizo ake. Pa chapa, minibasi zathu zija, sindingathe, anthu amafunsa zambiri.

Mlongo wanga Rozina afika Lachisanu kudzaphika za chiliza. Ndamupempha kuti akhale pa kampando kanu, ndipo wavomera, ngakhale akuti sanagwirepo sipanala chibadwire. Manja ake ndi odekha ngati anu. Tiyamba ndi chachifupi, poti sichingathyole kanthu. Chikakana, chitsala chachitali, ndipo pamenepo ndiye ndikuopa mng'alu uja. Ndikadziwa kuti ndi chimene munkayang'ana inu, ndiponda kiki mosaopa. Ndikapanda kudziwa, ndikudzidziwa ndekha, mwendo sudzatsika.

Dzulo masana ndinagwada kumbali kwanga, pepala lili m'zala, popanda wina kuseri. Ndinazindikira kuti pa ntchito imeneyi sindinkakuonani nkhope. Injini inkatitchinga, ndinkangomva mawu anu akuchokera mbali inayo. Ndiye ndinati, kodi panopa chasintha nchiyani? Muli kuseri, ine ndili kuno. Nchifukwa chake ndalimba mtima kulemba.

Kalatayi ndikaiika pansi pa mwala kumutu kwanu mawa m'mawa. Abambo muwafunseko, koma ndikudziwa kuti ayankha kuti, "Funsa amayi ako." Sindikupempha zambiri. Kaya kudzera m'maloto, kaya mumukumbutse Rozina kanthu komwe anakuonani mukuchita, kaya njira ina yomwe kumeneko amalola, mundiuze mawu amodzi okha: chachitali kapena chachifupi. Chonde yankho lifike Lachisanu lisanakwane.

Ndikulonjeza kuti ndikadziwa, chinacho ndichifafaniza ndi tupa, ndipo cholondolacho ndiwaonetsa Rozina ndi Tereza, kuti pasadzakhalenso wina wolembera kumanda chifukwa cha njere imodzi ya chimanga.

Pepala ndaligwira kale, Amayi, ndipo sindikulikoka.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Juliyo