Mabotolo Ako Anayi

Kafue Estates,
11 Ogasiti 1996

Wokondedwa mlongo wanga Lastone,

Choyamba ndifunse za moyo wako kumeneko ku Sweden, pamodzi ndi mlamu wanga Audrey. Ndikhulupirira kuzizira sikunakumalizeni. Kuno Mulungu akutisunga. Khanda lija lakwanitsa miyezi itatu ndipo likuyamwa bwino. Mlamu wako Gershom akadali pakhomo chichotsedwere ntchito ku fakitale, ine ndikadali ndi tebulo langa la salaula, zovala za kaunjika, kumsika, kumeza fumbi la Ogasiti.

Za atate ndinena kumunsiku. Uwerenge mpaka kumapeto, osati mwachizolowezi chako chongoyang'ana mzere woyamba ndi womaliza.

Kalata yako inafika, pamodzi ndi chithunzi chija wavala khoti loyera, wanyamula kabotolo m'mwamba ngati wansembe ndi chikho. Wati mu Okutobala ukaima pamaso pa maprofesa kuti akupatse udokotala. Watinso banja lathu uli nalo pa tsamba lakelake m'buku lako. Zikomo kwambiri, bwana. Ife a m'fumbi sitinkadziwa kuti tingalowe m'buku.

Ntchito yako ndimaidziwa, usaganize kuti Giredi 9 yanga inali yogontha. Pa Khirisimasi unatifotokozera mpaka nshima inazizira. Unati mankhwala akalowa m'thupi, chiwindi ndicho chimawaphwanya kuti atuluke ndi mkodzo. Ena chiwindi chawo n'chofulumira. Ena n'chochedwa, moti mankhwala amakhalitsa m'magazi mpaka ayambe kuwononga mwini thupi. Unati zimenezi n'zakumtundu, munthu amabadwa nazo, ndipo iwe ukufuna kuonetsa dziko kuti piritsi limodzi silingayenerere anthu onse. Mawu abwino. Ndinanyada nawe tsiku limenelo, sindibisa.

M'mawa mwake unandisiyira mabotolo anayi ndi mapiritsi anayi a chifuwa cha TB. Limodzi la atate, lina langa, lina la mng'ono wanga Violet, lina la atate aang'ono a ku Chanyanya. Unati aliyense ameze piritsi asanadye kanthu, masana adzaze botolo lake ndi mkodzo. Kenako unakwera galimoto ya mnzako kupita ku Lusaka kukaonana ndi anthu ofunika. Ntchito yonunkha unaisiyira mayi wa salaula.

Ndikufunse, iwe wodziwa ziwindi za anthu mazanamazana. Unakulira nyumba iti, imene mwana wamkazi amaima pakhomo la chimbudzi kudikira mkodzo wa atate ake? Ndeke inakupukusa mutu mpaka kuiwala zimenezo?

Ndinayesa ndithu. Ndinagwada, n'kuika botolo pambali pa mpando wawo, koma pakamwa panga panakana kutchula mawuwo. Iwo anali atamva kale dzulo lake. Anangolikankha ndi phazi. Ati, iwe Mwandida, nikali moyo ine, mwana wanga mukazi anyamule mitundo yanga, mkodzo wa atate ake? Ati ngati afuna abwere yeka uyo wamene anaphunzira. Piritsi analiponya m'maluwa.

Violet anathawa botolo ngati muli njoka. Ati ba sisi, ivi ni va Satana, ba pasita anakamba kuti osapasa munthu vintu vochoka mutupi. Ku Chanyanya ukudziwa wekha mmene njira imakhalira nthawi ya mvula, ngakhale njinga imakana. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi inayi, ndinaopa kumeza piritsi losadwalira. Iwe wa sayansi sunandifunse, sunaone n'komwe kuti chitenje ndamanga m'mwamba.

Ndiye pofika masana ndinali ndi mabotolo anayi opanda kanthu, ndi mantha a nkhope yako ija umapanga munthu akalakwitsa Chingerezi. Gershom anandipeza ndakhala pakhonde nditagwira tsaya. Iye anali atameza kale piritsi limodzi m'mawa, ati aone ngati lichotsa njala. Ati manje vuto ili kuti, mitundo ni mitundo chabe, leta mabotolo. Anamwa mapoto awiri a tiyi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Wamva tsopano. Mabotolo ako onse anayi anadzaza ndi Gershom.

Unabwera madzulo dzuwa likadalipo, galimoto osazimitsa. Unayang'ana mayina pa mabotolo, unawaika m'bokosi lako la madzi oundana, unati ndagwira ntchito. Ukadandiyang'ana kumaso kamodzi kokha ndikadaulula. Unali kuyang'ana wotchi.

Mu Epulo unatilembera mokondwa kuti tonse anayi tili ndi chiwindi chofulumira, ndipo nambala zathu zafanana ndendende. Unati umboni woyera chonchi sunauonepo. Anthu anayi, nkhalamba ziwiri ndi akazi awiri, nambala imodzimodzi, iwe osadabwa? Ine kasitomala akandibweretsera malaya anayi ong'ambika pamalo amodzi ndimayamba kufunsa mafunso. Iwe unavina. Umboni wako wa zakumtundu ndi mkodzo wa mkamwini wochokera ku Mporokoso, amene sitigwirizana naye ngakhale dontho la magazi. Koma kufulumira kokha sunaname, mwamuna ameneyu chilichonse chimangomudutsa ngati basi ya ku Livingstone.

Zikadathera pa buku lako ndikadaseka, n'kufa nacho chinsinsi changa. Koma ukudziwa kuti mu Malichi atate anawapeza ndi TB, ndipo pakati pa mankhwala awo pali piritsi lomwe lija. Iwe unawonjezera kalata ina ya chidindo cha yunivesite, yoti akaonetse kukiliniki. Unalemba kuti thupi lawo limatulutsa mankhwalawa msanga, choncho alandire mlingo wonse wamphamvu, asawachepetsere zivute zitani.

Chifuwa chinayamba kuchepa, tinathokoza. Kumapeto kwa Meyi anayamba kunena kuti mapazi akutentha ngati aponda makala. Mu Juni ankati pansi pali minga. Mu Julayi anachoka kumsika ndi patapata mmodzi, winayo anavuka panjira iwo osamva. Sabata yatha kapu ya tiyi inawapulumuka m'manja kawiri.

Kukiliniki kuli Ba Naomi, amene amaona odwala chifuwa. Alibe khoti la ku Ulaya, ali ndi sikelo yakale ndi kanyundo kogogodera maondo. Anawayeza, anawabaya kuphazi ndi kasingano, atate osagwedezeka. Ati ba mayo, aba bakulu baonda maningi, na mutupi mwao mankhwala yaoneka yankhalisa, yayamba kudya misipa. Anafuna kuwachepetsera mlingo molingana ndi sikelo, awonjezere piritsi la vitamini loteteza mitsempha, n'kuwalembera kalata ya kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Zimene iwe unatiphunzitsa pa Khirisimasi, mayi uja anaziona ndi maso ake popanda botolo.

Atate anatulutsa kalata yako m'thumba la jekete. Amayenda nayo paliponse, yafika pothothoka m'mopinda. Ati mwana wanga ali ku Sweden, anapima, ine nili fasiti. Vitamini anakana, ati kuyimwa ndiko kuvomera kuti mwana wawo analakwitsa. Ba Naomi atawachepetsera ndithu, iwo kunyumba anayamba kudzibwezera okha mlingo wa m'kalata yako, kutapa mapiritsi a masiku akutsogolo. Kuwabisira onse sindingathe, chifuwa chingabwerere ndi ukali.

Lamulungu lapitali, titachoka kutchalitchi, ndinagwada pamaso pawo ndi kuwauza zonse. Ndinkayembekeza ndodo. Iwo anangosisita maondo. Ati botolo lawo ankadziwa kuti linapita lopanda kanthu kawo, koma ankaganiza kuti iwe unawerengera pa ife ana, poti magazi ndi amodzi. Kenako anafunsa kuti amene akudziwa ndi angati. Ndinati ine ndi Gershom basi.

Ati osakamba kuli munthu. Ati mwana ali pafupi kusiliza, bazungu bakamvera bazamupisha pa sukulu, zaka zonse izi zipite mumanzi. Ndinati nanga miyendo yanu, atate? Ati mendo ni yanga, nayendera kale pakwana.

Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa nyumba. Ndinalira ndi chisoni, koma kwambiri ndinalira ndi ukali, ndipo ukaliwo sunathe mpaka pano ndikulemba.

Amati safunsa anadya phula. Koma iwe mwayi wako ndi wa ana aamuna ophunzira: safunsa ndiwe, phula akudya ndi atate. Munthu amene anakana kupatsa mwana wake botolo chifukwa cha ulemu, lero amapita kuchimbudzi ali pamsana pa mkamwini. Gershom amawabereka m'mawa ndi masana, onse awiri atayang'ana kumbali. Nthabwala zake zija zinatha, amangoti ba tata gwirani bwino.

Mlandu wanga ndikuudziwa, usavutike kundiwerengera. Ndinanama, ndipo Epulo yense, Meyi yense, ndinakhala chete poopa kunyozedwa ndi mwana amene ndinamusambitsa ndekha. Ndidzayankha kwa Mulungu. Koma ine ndinanamiza munthu mmodzi amene anali ndi makina onse ondigwirira bodza. Iwe unatenga chinthu chimene sunachione ndi maso ako, unachimenya chidindo, n'kuchiika m'thumba la atate ako.

Chimene ndikupempha n'chochepa, ngakhale kwa iwe chikhala chachikulu. Ine atate sandimvera, Ba Naomi sawamvera. Amvera pepala la chidindo chomwe chija. Lemba kuti kuyeza kuja kunalakwika, kuti sukudziwa chiwindi chawo, kuti atsatire zonse zimene akunena a kukiliniki. Mizere itatu yakwana, usaikemo mawu ako aatali aja. Utumize pa fakisi ya ku positi ofesi, ndidzapitako tsiku lililonse. Ba Naomi akuti mitsempha ikagwidwa msanga imatha kubwerera, ikachedwa ndiye basi. Sananene kuti msanga wake ndi masiku angati, ndipo ndinaopa kufunsa.

Ndikudziwa kuti chidindo sumasunga iwe, chimakhala kwa profesa wako, ndipo adzafuna kudziwa chifukwa chake. Umuuze. Tsamba la banja lathu uling'ambe m'buku. Ngati buku lonse laima pa Gershom, ligwe, udzayambenso. Unatiuza wekha kuti ntchito yako ndi yoti munthu asavulazidwe ndi mlingo wa mnzake. Munthu woyamba kuvulala ndi mlingo wa mnzake m'dzina lako ali muno m'nyumba, pa mpando wa pakhonde.

Atate asankha kale, asankha udokotala wako. Sindinaone munthu wopatsidwa chinthu chodula chonchi asanachigwirire ntchito. Kwatsala n'kuona ngati uchilandira.

Undiperekere moni kwa Audrey, umuuze kuti nsalu ija anatipatsa ndinasokera khanda. Violet akuti akukupempherera. Gershom akupereka moni, ati pepani ba mulamu. Mulungu wa amayi athu akusunge, akupatse mtima wolingana ndi mutu wakowo.

Atate sakudziwa zimene ndalemba muno. Andiona ndi cholembera, ndiye akuti ndikuuze kuti ali bwino kwambiri, akuyenda okha mpaka kumsika, iwe ulimbikire sukulu usadere nkhawa. Uthenga wawo ndafikitsa.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Mwandida