M'nyumba mwanu mukugona thirakitala

Amayi anga, kodi kukuyenderani bwanji kumene mudapitako? Ife kuno kudzuka tikudzuka. Ndine Esinala. Ndadzitchula kuti musaganize kuti walemba ndi mwana wanu wamwamuna Gidioni, poti iye masiku ano manja ake ndi girisi yekhayekha, pensulo ingamuterereke.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo salandiridwa ndi madandaulo. Mlamu wanga, mkazi wa Gidioni, adachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni, ndipo amutcha dzina lanu. Chimanga cha kumunda wa kumtunda chidadzaza nkhokwe, nsawa zokha ndi zimene chiswe chidatilanda. Mango aja mudabwera ndi mbewu yake kuchokera kwathu ku Katete abereka mpaka tachirikiza nthambi ndi mphanda. Mbuzi yanu yakuda idaswa tiwiri, kamodzi kadafa. Bambo a mwana wanga Malita ali ziii ku migodi, ngakhale kakalata. Malita wanuyo watalika, koma chifuwa sichikumusiya.

Tsopano khalani pansi, amayi, ndikuuzeni za nyumba yanu.

Mukumbukira kutatsala sabata imodzi kuti mutisiye, mudagwira dzanja langa Gidioni ali pa mpando pafupi ndi khomo. Mudati, "Nyumba ino ni ya Esinala, alibe mwamuna womumangira." Iye adati, "Namva, amayi." Maliro atatha ine ndi Malita tidasamukira m'khitchini ya udzu ija, kudikira tsiku lometa monga mwa mwambo.

Pa tsikulo amalume a Zakeyo, mlongo wanu, adanena zimene tonse tinkayembekeza, kuti kwathu nyumba ya munthu womwalira imagwetsedwa, malata agawidwe. Mtima wanga udati phwii. Ndiye Gidioni adaimirira, chipewa m'manja, nati, "Amalume, ife ndife akhristu. Nyumba ya amayi siigwa ine nili moyo." Ndidalira, amayi. Ndidagwada pamaso pa anthu onse aja n'kumuombera m'manja. Ndidati mumtima, zoona chibale ndi fupa, sichiola, monga munkatiuzira tikamalimbirana chiwaya.

Anthu atabalalika, Gidioni adandiuza kuti ndisafulumire kulowa, pansi pafunika kukonza kaye. Adati nditute miyala ing'onoing'ono ya kumtsinje ndi dothi la pachulu. Masabata awiri ndili dengu pamutu, kupita, kubwera, khosi ili lidzanena. Ndikamatsindira ndi mtengo iye ankasuzumira pakhomo n'kumati, "Limbikira, mlongo, palimbe monga msewu wa ku Lusaka." Ine kumaseka, chitsiru ine, kumati koma mlongo wanga amandikonda, safuna kuti ndizivutika ndi kuzira chaka ndi chaka.

Thirakitala simudaione, idafika inu mutapita. Ndi kakang'ono, kotuwa, Gidioni adakagula kwa mzungu wina wa cha ku Palabana amene ankagulitsa katundu wake. Ndisaname, kamagwira ntchito. Munda umene inu ndi ine tinkalima mwezi wathunthu kamaumaliza dzuwa lisanapendeke, ndipo anansi athu a mtundu wa Chisoli amachita kubwera kudzakapempha. Kwa mzungu kuja kankagona panja zaka zonse, kofunditsidwa lona, chitini chovundikira pa mpope wa utsi kuti madzi asalowe. Kuno nako kadakhala pansi pa mkuyu chilimwe chonse osadandaula. Wodandaula adali mwini wake. M'mawa uliwonse kukazungulira, kupukuta mame ndi malaya ake, ati dzuwa ling'alula matayala, ati nkhuku zikunyera pa mpando, ati dzimbiri. Mwana wake wakhanda sadamuzungulirepo choncho.

Lachiwiri lina ndidapita ndi Malita ku chipatala cha ku Chalimbana chifukwa cha chifuwa chija. Gidioni ndiye adatiumiriza kuti tipite tsiku limenelo, mpaka adatiperekeza pa msewu. Pobwerera masana ndidaona fumbi lofiira pabwalo. Khoma la kumaso kulibe, amayi, kuyambira pa zenera mpaka pakhomo. Khoma la pakati kulibenso. Chitseko chanu chili gada pa dzala. Pansi panga paja, pamene ndidatsindira ndi manja awa, pali mapazi a matayala, ndipo mphuno ya thirakitala ili pamene padali bedi lanu.

Ndidati, "Alongo, n'chiyani ichi?"

Sadachite ngakhale manyazi. Adati, "Mvula ili pafupi. Chitsulo chikanyowa chichita dzimbiri, munthu akanyowa auma. Nizakumangira ina tikakolola."

Pomwepo ndidakumbukira chingwe. Inu mukudwala, masiku aja mudasiya kudya, Gidioni adalowa ndi chingwe cha khonje n'kuyeza kuchokera khoma ili kufika khoma ilo, kenaka kuchokera pansi kufika ku denga. Mudatsegula maso n'kufunsa chimene ankachita. Adati akuona ngati mitanda yapindika. Nsonga ina ya chingwecho ndidagwira ndine, nditadutsitsa dzanja pamwamba pa miyendo yanu. Nthawi imeneyo n'kuti atapangana kale ndi mzungu uja. Ankayeza khola la chitsulo chake inu mukupuma momwemo, ndipo chikhristu chonse chija cha pa tsiku lometa chidali cha thirakitala. Chikomekome cha mkuyu, amayi, m'kati muli nyerere. Ndakwiya, ndipo sindikubisirani. Kulandidwa nyumba ndikadapirira, koma adandigwiritsa chingwe, adandisenzetsa miyala, adandisiya ndigwade pamaso pa anthu ndikumuthokoza.

Amalume adali asanabwerere ku Katete, ankacheza kwa mwana wawo ku Lusaka. Nkhani itawapeza adafika pa njinga, thukuta kamukamu. Adayang'ana chibowo chija nthawi yaitali, kenaka adandiitana Gidioni ali pomwepo, atagona chagada pansi pa thirakitala ndi sipanala. Adati, "Esinala, mwambo ukalipo. Nena liwu limodzi, mawa tigwetsa. Malata onse nizapatsa iwe ufolere khitchini, mwana aleke kukhosomola. Chitsulo chake chibwerere pansi pa mkuyu."

Ndidafuna, amayi. Mulungu ndi mboni, liwulo lidafika pa lilime. Koma ndidakweza maso n'kuona khoma la kumbuyo. Msomali uja munkakolekapo buku la nyimbo ulipobe. Pa ngodya pali zala zanu zinayi, pamene mudatsamira dothi lisanaume tsiku lomata, n'kutikaniza kufafaniza. Ndikadali kuyang'ana, mawu adatuluka pansi pa thirakitala: "Mufunseni ndithu, amalume. Sangavomere uyo, nimudziwa."

Sadatulutse ngakhale mutu. Sipanala idapitiriza kulira.

Ndipo adanena zoona. Ndidati, "Isiyeni, amalume." Amalume adapukusa mutu, adakwera njinga yawo osalawa ngakhale madzi. Chimene chikundiwawa kuposa zonse ndi chimenechi, kuti adawerengera chikondi changa pa inu monga adayezera makoma aja, n'kupeza kuti chikukwanira.

Mvula idayamba sabata yatha, yamphamvu. Thirakitala ili gwa, youma, pansi pa malata amene atate adagwirira ntchito zaka zambiri. Oyilo akudontha pamene munkaika mutu, ndipo makoswe a m'nkhokwe apeza kale nthambo zake, koma zimenezo sindinamuuze, adzaona yekha. Kwa mlamu ndimapitako kukanyamula khanda, ilo silidalakwe, ndipo lili ndi dzina lanu. Gidioni ndimamupatsa moni. Moni basi.

Chitseko chanu sindidachisiye pa dzala. Ndidachisenza ndekha, ndidachitsuka phulusa. M'khitchini muno denga ndi sefa, miphika yonse ili pansi kulandira madzi, ndiye ndidachikweza pa mitanda, chogona, pamwamba penipeni pa mphasa ya Malita. M'khitchini monse malo ouma ndi amenewo okha. Dzulo podzuka adayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Ambuya anifunditsa." Chifuwa chayamba kuchepa.

Munkati nyumba ndi chitseko, makoma ndi dothi chabe. Ndikukulonjezani, mvula ikangotha ndiumba njerwa ndekha kuseri kwa mango anu, ngakhale zitenge zilimwe ziwiri. Khomo lake ndidzaliyeza ndi chitseko chanu, lopapatiza, lolowa munthu yekha, ndipo chingwe tidzagwira ine ndi Malita.

Muwapatse moni atate. Za Gidioni muwauze nokha, ine pakamwa pandilemera.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene adagwira nsonga ina ya chingwe osadziwa,

Esinala