Fupa Longa Sefa

Asyut,
9 Novembala 2016

Okondedwa Achimwene Tharwat,

Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda bwino ku Kuwaitko. Bambo anatuluka m'chipatala Lachiwiri la sabata yatha. Zimene Amayi anakuuzani pa foni n'zoona, koma pali zina zimene iwo sakudziwa.

Bambo atagwa pa makwerero m'sitolo muja, mphuno yawo inayamba kudontha timadzi tonga misozi, mbali imodzi yokha. Amayi anati, "Iwe Sabreen, zaka zitatu zonsezi ukuphunzira udokotala, tawaona bambo akowa." Ndinangowasuzumira, n'kunena kuti n'chimfine. Ndinawagulira mapilisi, ine ulendo kukawerengera mayeso. Patatha milungu iwiri khosi lawo linauma gwa, thupi lili moto, osatizindikiranso.

Kuchipatala, dokotala wamkulu, yemwenso amatiphunzitsa, anandiitanira pakhonde.

"Fupa la kuseri kwa mphuno, pansi pa ubongo, dzina lake?"

"Etimoidi."

"Angerezi analitenga kuti dzinalo?"

"Kwa Agiriki. Ndi mawu awo otanthauza sefa, poti fupalo lili ndi timabowo."

"Wakhoza. Nanga sefa ikang'ambika, za pamwamba zimapita kuti?"

 Timadzi tija tinali madzi a muubongo, Achimwene, ndipo matenda analowera pomwepo. Kumene dzinalo linachokera ndinkakudziwa bwino, koma fupa lenilenilo litasweka m'mutu mwa bambo anga sindinalizindikire.

Moyo wapulumuka, koma fungo sadzalimvanso. Munthu wogulitsa zonunkhiritsa chakudya zaka makumi atatu! Dzulo anakakamira kupita kusitolo. Anatapa chitowe m'thumba, n'kununkhiza. "Wobweretsa katunduyu wandigulitsa utuchi, wakuba ameneyu!" Ananunkhiza khofi, kenaka tsabola. Anakhala pansi. Pambuyo pake anati, "Bwera, dokotala wanga, undibwereke mphuno." Ndipo aliyense wolowa amamuuza kuti ine ndine ndinawapulumutsa, poti ndinathamangira nawo kuchipatala.

Kusukulu sindinapiteko sabata yonse, ndimangozungulira m'mbali mwa mtsinje mpaka nthawi yoweruka. Ndiuzeni, ndiwaululire Bambo zoona zake kodi? Mukati inde, ndidikira mudzabwere kaye. Ndekha sindingathe.

Amayi akupereka moni, akuti muzidya mokwanira. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo akuti akukupemphererani, ndiponso akuti mafuta onunkhira aja mumawatumizira pa Idi, musavutikenso nawo.

Ndine mlongo wanu,
Sabreen