Gwirauko ndi wa ndani

Lolemba, 4 Malichi

Matimu asanu ndi atatu alembetsa. Holo ya pasukulu ndalipiriratu mwezi wonse, mtima uli m'mwamba. Komabe Gwirauko wayamba kudyetsa munthu, ndani akanadziwa! Anthu awiri, shiti imodzi ya pabedi, kuponya mpira kudutsa chingwe choyanikira zovala. Ukagwera kwanu, mwaluza.

Anayambitsa ndi achemwali, tsiku lija makina anafa kochapira zovala komwe amagwira ntchito. Dzinali ndi lawonso, ankangondikuwira kuti "Gwira uko, iwe!" Ine changa n'kulemba malamulo ndi kutolera ndalama.

Lachinayi, 7 Malichi

Pa wailesi. Mtolankhani: "Masewerawa munawaganiza bwanji?" Pakamwa panga: "Ndinangodzuka nawo m'mutu." Ine! Munthu woti lalanje ukamuponyera limamugunda pamphuno. Ndimati ndikonze, nyimbo n'kulowa. Basi.

Achemwali samva wailesi kuntchito, makina amasokosa. Ndathokoza makinawo. Manyazi ake.

Lachitatu, 20 Malichi

Kampani ya sopo yavomera kutithandiza. Akufuna chithunzi choika pa mapositala. Ndinawapatsa chija cha tsiku loyamba, ine uku, achemwali uko, mpira m'mwamba. Abwana ake anachiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi a epuloniwa tingawachotse? Tikufuna nkhope zachinyamata."

Sanandikakamize, ndisaname. Ndinati achotseni. Ndinasekanso.

Mayi a epuloniwo anasiya sukulu kuti ine ndipitirize.

Lamlungu, 31 Malichi

Sindinapite kukadya kwa achemwali, sabata yachiwiri tsopano. Ndanamizira mutu. Atumiza uthenga kuti ndizimwa madzi ambiri, ndisamadzipanikize ndi ntchito. Bola akanandikalipira.

Lachiwiri, 9 Epulo

Mapositala atuluka. Pasiteji ya basi, pageti la sukulu, paliponse. Mano anga onse panja, pansi pake "Woyambitsa".

Ndinapita kochapira kuti amve kwa ine, asanamve kwa ena. Mawu ndinakonza njira yonse. Ndafika, positala ataimata kale pamwamba pa tebulo lositira, anzawo atazungulira. Achemwali akuloza pakona ya chithunzi, pomwe shiti yathera. Amene anadula chithunzicho anasiya zala zinayi, zokhakhala ndi sopo. Ine sindinazione n'komwe.

"Dzanja langatu ili! Ndatchuka, mng'ono wanga."

Ndinafunafuna chipongwe m'mawu awo, mulibe. Akusangalala zenizeni.

Ntchito inali yambiri, ndiye anandipatsa nsonga za shiti kuti tipinde. Popinda shiti anthu awiri amayenda kukakumana pakati, maso ndi maso, manja kugundana. Tapinda mashiti khumi ndi awiri. Konseko ine maso pansi.

Pa shiti yomaliza sanataye nsonga zawo. Anangoima, akundidikira ndidzutse mutu.